Kodi mwana wa tenanti anganene kuti kwawo ndi ku Kasungu?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Lilongwe. Alemba kuti: "Ndidabadwira pa esiteti ya fodya kwa Santhe mu 1988, ndipo ndakulira ku Kasungu mpaka kumaliza Fomu 4. Bambo anga adali tenanti wochokera ku Phalombe, mayi anga adali a kwa Mkanda ku Mchinji. Onse adatisiya. Pano ndili ndi kamalo kophikira zakudya, ndipo pachikwangwani ndidalemba kuti Zakwathu ku Kasungu. Kasitomala wina wa ku Kasungu adandifunsa mudzi wanga ndi mfumu yanga. Nditasowa choyankha adati ndine mwana wa tenanti chabe, ndichotse dzinalo. Nanga kwathu ndi kuti? Kodi chilipodi chakudya cha ku Kasungu? Ndili ndi mnyamata wa zaka 14 amene amakonda kujambula zilombo za gule, ndimuuze kuti ndi wa kuti?"

Mayi, chikwangwanicho musachotse. Koma musataye funso la bambo uja pamodzi ndi mwano wake, chifukwa funsolo palokha ndi loona ndipo yankho lake lilipo. Munthu wa ku Kasungu akakufunsani mudzi ndi mfumu, akufuna kudziwa kumene muli ndi nkhoswe, kumene mungapemphe munda osagula, kumene mtembo wanu ungafikire popanda wina kufunsa kuti ameneyu ndi wa yani. Pa zimenezi kwanu ndi kwa Mkanda ku Mchinji, m'mudzi umene adabadwira mayi anu.

Pachichewa mwana ndi wa kuchikazi. Mayi anu, abale awo a bere limodzi, ana a achemwali awo, inu ndi ana anu, nonsenu ndinu mbumba imodzi, ndipo mwinimbumba ndi mlongo wa mayi anu, atsibweni anu. Akakhala kuti adamwalira, pali wina amene adalowa m'malo mwawo, mbumba sikhala yopanda mwini. Bambo amalemekezedwa, ndipo masiku ano mfunda umene timaitanirana, monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, ambiri timatengera kwa iwo, koma mlandu wa mwana, ukwati wake ndi maliro ake zimagwera atsibweni. Mwayi wanu ndi woti Alomwe a ku Phalombe nawonso amawerengera ana kuchikazi, choncho palibe kukokanakokana. Abale a bambo anu angakulandireni ndi manja awiri, koma nawonso atafunsidwa anganene kuti mwanayu kwawo ndi ku Mchinji. Zikadasiyana bambo anu akadakhala a kumpoto kwa Kasungu, monga kwa Kaluluma kapena kwa Simlemba, kapena a ku Mzimba, kumene ambiri amalowola. Kumeneko ng'ombe zikaperekedwa ana amakhala a kuchimuna. Ndawona ana ovutikadi pa nkhani imeneyi, amene bambo ndi Mchewa ndipo mayi ndi wa kolowola koma malowolo sadaperekedwe bwino, mbali iliyonse nkumaloza inzake. Inu simuli m'gulu limenelo. Mwambo sudakusiyeni pamtetete, kungoti simudapite kukaonekera.

Tsopano za mawu oti mwana wa tenanti. Ine ndidakulira ku Kasungu ndipo ndimawadziwa mawu amenewa, tinkawamva ngakhale kusukulu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya adachuluka kwambiri m'boma lino ndi ku Mchinji, ndipo eni ake ankatumiza malole kukatenga mabanja ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Mangochi, kumene minda idali itachepa kale. Banja linkapatsidwa gawo la munda, feteleza ndi chimanga cha phoso pa ngongole, ndipo ngongoleyo inkadulidwa fodya akagulitsidwa. Ntchito inkayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, kenaka kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi mpaka kudinda mabelo pa jeke. Ana ankasoka nawo fodya manja ali bii ndi utomoni. Chaka chikavuta, banja linkatuluka opanda kanthu, ngakhale ya basi yobwerera kwawo, ndipo ambiri ndi m'mene adakhalira ku Kasungu mpaka lero. Lamulo la ntchito litakonzedwa mu 2021 utenanti udaletsedwa m'dziko muno, koma anthu amene udawabweretsa sadasungunuke. Ali kwa Santhe, ku Chinkhoma, ku Chatoloma, ku Mtunthama, adakwatira ndi kukwatiwa komweko, ana awo akuphunzitsa m'sukulu za komweko. Nyumba zambiri zamalata zimene munthu amaziona pa msewu wa M1 zidamangidwa ndi ndalama za fodya amene adasoka anthu ngati bambo anu. Sindikuona chochititsa manyazi pa dzina la mwana wa tenanti, ndipo amene amalitchula monyoza ayenera kuyamba wadzifunsa kuti boma lake lidalemera ndi thukuta la yani.

Ndiponso Kasungu sidakhalepo dziko la mtundu umodzi wongophukira pomwepo ngati bowa. Achewa enieniwo mbiri yawo imanena kuti adachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo. M'zaka za m'ma 1800 njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo yochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota inkadutsa kwa Mwase, mfumu ya Achewa a ku Kasungu, kupita ku Luangwa, ndipo Abisa ndi Aswahili ankayenda m'njira imeneyo, ena nkukhazikika. Mwase adalimba chifukwa cha mfuti zimene ankapeza m'malondawo, ndipo anthu othawa Angoni ankadzabisala m'tsinde mwa phiri la Kasungu. Atsamunda adamugonjetsa kumapeto kwa 1895, nkutcha boma lawo Fort Alston, monga momwe Mchinji adaitchera Fort Manning. Kumpoto kwa bomali anthu amayankhula Chitumbuka m'nyumba, Chichewa pamsika. Kuli ngakhale Achewa a ku Kasungu amene midzi ya makolo awo ili m'kati mwa nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu National Park. Adasamutsidwa m'nthawi ya atsamunda chifukwa cha matenda a kaodzera, malowo adasanduka paki mu 1970, ndipo ng'anjo zosungunulira chitsulo za makolo awo zikadali m'thengomo pamene pakudutsa njovu. Anthu amenewo ukawafunsa kwawo amatchula mudzi umene akukhala lero, koma akuluakulu amaloza kumadzulo. Pa kalembera wa 2018 m'boma la Kasungu mudapezeka anthu oposa 840,000. Tikadati tichotse aliyense amene agogo ake adabadwira kwina, masukulu ndi misika yambiri ikadatsala pululu.

Ndiye pali kwanu kwa mbumba, ndipo pali kumene kudagwa mchombo wanu. Mayi anu adatuluka nanu m'chikuta kwa Santhe. Madzi amene mudayamba kumwa, dothi limene mudakwawapo, anzanu amene mudasewera nawo fulaye ndi phada, zonsezo ndi za ku Kasungu. Ndikhulupirira kuti ngakhale lilime lanu limakuululani, munthu wa ku Blantyre akakumvani amadziwa kuti uyu ndi wa m'chigawo chapakati. Chichewa cha ku Kasungu chili ndi mbiri yakeyake. Buku la galamala limene Mark Hanna Watkins adasindikiza mu 1937 ku America lidalembedwa pomvetsera mayankhulidwe a mnyamata wina wa ku Kasungu amene ankaphunzira ku Chicago, Hastings Kamuzu Banda. Munthu yemweyo atakhala mtsogoleri wa dziko, chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chidatchedwa Chichewa mu 1968, ndipo kachilembo ka ŵ kamene timakaona pa dzina la Malaŵi m'mabuku akale kankaimira katchulidwe kamene agogo a kuno ankanena poti ŵanthu ndi ŵana. Simudachite kuphunzira m'buku Chichewa chimenechi, mudachiyamwa. Choncho mukalemba kuti zakwathu ku Kasungu simukunama. Mukadanama mukadati muli ndi mudzi kwa Kaomba kapena kwa Lukwa pamene mulibe.

Funso la chakudya ndilo ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi limene mukudyera. Kunena zoona, palibe ndiwo imene imaphikidwa ku Kasungu kokha. Malire a boma adalembedwa ndi anthu a maofesi, mphika suwadziwa. Chimene chilipo ndi kaphikidwe ka chidikha chonse chochokera ku Kasungu kudutsa Dowa, Lilongwe ndi Mchinji mpaka ku Chipata m'Zambia, dziko la chimanga ndi mtedza, lotalikirana ndi nyanja. Munthu wa ku Nkhotakota amakula ndi kondowole, mpunga ndi nsomba zaziwisi. Wa ku Nsanje amadziwa mapira ndi mchewere. Wa kwa bambo anu amadziwa nandolo, makaka ndi kalongonda. Ife a kumtunda kuno nsomba tinkaiona youma, ndipo mafuta ophikira adali a pa Khirisimasi. Mafuta athu adali nsinjiro. Ndiwo zotendera ndizo chizindikiro chathu, kaya ndi nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe kapena mpiru, ndipo mbatata kapena maungu zikaphikidwa ndi nsinjiro nkukhala futali, mwana amapita kusukulu atakhuta mpaka madzulo.

Koma nsinjiro zimasiyana. Amayi a ku Mchinji ndi ku Kasungu adzakuuzani kuti mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu uja, ndiwo umatendera bwino. Umasinjika nkukhala ufa wosalala, pamene mtedza wofiira wa CG7 amene adafala m'zaka za m'ma 1990 ali ndi mafuta ambiri, ukamusinja amafuna kugwirana ngati chiponde. Alimi ambiri adasiya Chalimbana chifukwa amachedwa kukhwima ndipo sabereka ngati mitundu yatsopano, koma akadapezeka m'misika ya ku Mchinji monga kwa Kamwendo. Ngati mukufuna kuti wa ku Kasungu akalawa ndiwo zanu atseke maso nkukumbuka kwawo, funani ameneyo, musankheni bwino kuchotsa wovunda ndi wachuku, musinje nokha kapena mukagayitse wochepa wokwana masiku owerengeka. Nsinjiro za m'mapepala zokhalitsa zimayamba kununkha ndipo zimaononga mphika wonse.

Agogo anga aakazi ndikawakumbukira ndimawaona mu Malichi ndi Epulo, mvula ikuthera, atakhala pakhonde ndi lichero lodzaza masamba a nyemba ndi a khobwe. Ankawafutsa pang'ono m'nkhali ya madzi owira, osalola kuti apse, nkuwayanika pamphasa padzuwa akuthamangitsa nkhuku ndi kamtengo. Akauma ankapita kukathyola masamba aakulu a msuku, nkuyala m'lichero mosanjikiza, nkuthira mfutso pakati, nkukulunga mpaka chikhale chozungulira ngati dzungu, nkumanga ndi luzi mopingasa. Chimenecho ndicho chikwatu. Ankachipachika kudenga la khitchini kumene kumafika utsi, kuti anankafumbwe asayandikire. Mu Okutobala, kunja kuli gwaa, m'munda mulibe tsamba ndi limodzi lomwe, ankaboola kabowo pambali, nkutapa dzanja limodzi, nkutsekanso. Mfutso umenewo ukaphikidwa ndi nsinjiro ndi tomato mmodzi umakhala ndi kafungo ka utsi ndi ka tsamba la msuku kamene simungakapeze m'masamba ouma a m'jumbo. Ngati mayi anu ankamanga zikwatu pa esiteti paja, ndipo ndikukhulupirira ankatero poti adali a kwa Mkanda, ndiye kuti chakudya cha ku Kasungu ndi cha ku Mchinji mudachidya m'mbale imodzi osadziwa kuti wina angadzazisiyanitse.

Nsima yake ikhale ya ufa woyera weniweni, chimanga chokonola, mphale yoviika masiku awiri kapena atatu, yotsukidwa, yoyanikidwa, ufa wake nkuuyanikanso ukachoka kuchigayo. Kakuwawasa kochepa kamene kamabwera ndi kuviikako ndiko amakasowa anthu akamadandaula kuti nsima ya m'tauni siikoma. Mgaiwa muziphikanso, uli ndi thanzi kuposa woyera ndipo ambiri akuufuna masiku ano. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, lidalemba nsima m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse mu 2017 m'dzina la Malawi yense. Nsima payokha ndi ya tonse, chimene chimasiyanitsa dera ndi dera ndi ufa wake ndi ndiwo zimene zili pambali.

Ngati pali zimene Kasungu ingadzitame nazo kuposa anzake, ndi za m'thengo. Kumene nkhalango ya mitondo, miombo ndi misuku idakalipo, makamaka m'midzi yozungulira paki, mvula yoyamba imabweretsa matondo, amene amadya masamba a mtondo, kenaka bowa monga utale, ndi masuku, ndi uchi. Izi ndi za nyengo, ndipo muziwauza makasitomala anu choncho. Matondo a mu Disembala asakhale pa mndandanda wa mu Juni ngati mulibe ouma abwino. Kudula mitengo yochizira fodya ndi yomangira zigafa kudachepetsa zinthu zimenezi kwambiri, ndipo n'chifukwa chake zikukwera mtengo chaka ndi chaka.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati bambo anu adakuphunzitsani kapena adaphunzitsa mayi anu kuphika kalongonda, kumene kumafuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kangapo tsiku lonse kuti ululu wake uchoke, kapena nandolo wa makata, muziphika tsiku limodzi pa sabata pansi pa chikwangwani chomwecho. Pa maesiteti a ku Kasungu zakudya zimenezi zakhala zikuphikidwa kwa zaka zoposa makumi anayi, ndipo ana ambiri obadwira kumeneko adakula nazo. Nazonso ndi za ku Kasungu imene inu mukuidziwa.

Za mnyamata wanu. Popeza inu ndinu mayi, iye ndi wa mbumba ya kwa Mkanda monga inu, ndipo gule ndi wa makolo ake. Gule Wamkulu adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma kumudzi gule ndi wa mzinda, ndiye kuti wa mfumu imene idapatsidwa bwalo ndi dambwe. N'chifukwa chake zilombo sizifanana paliponse. Kasiyamaliro, Chadzunda, Maliya ndi Simoni mudzawapeza m'madera ambiri, koma mzinda uliwonse uli ndi zilombo zake zimene zidabadwa chifukwa cha zimene zidachitika pamalopo, ndi nyimbo zake zodzudzula khalidwe la anthu a pamudzipo. Chimene ndimachikonda pa gule ndi choti sathawa mlendo. Mzungu atabwera, gule adamuyang'anitsitsa nkutulutsa Simoni wofiira uja. Galimoto itabwera, idatulukanso pabwalo. Mnyamata wanu azijambula zimene zimaonekera poyera pabwalo, azifunsa dzina la chilombo chilichonse, nyimbo yake ndi mwambo umene chimatulukira, kaya ndi maliro, kulonga ufumu kapena chinamwali. Asajambule kuchokera pa zithunzi za pa Facebook zokha, chifukwa adzatenga nkhope nkusiya tanthauzo. Za kudambwe sizifunsidwa ndi munthu wosalowa ndipo ine sindizilemba pano. Ngati adzafune kulowa, imeneyo ndi nkhani ya inu, atsibweni anu ndi chipembedzo chanu, isakhale ya anzake a pamsewu.

Musamuiwalitsenso magule amene sasankha mudzi. Mganda wa anyamata, wa makabudula oyera ndi mabadza a zikho, udatengera perete wa asilikali obwera ku nkhondo za azungu, ndipo chimtali cha amayi chimavinidwa paukwati ndi pachisangalalo chilichonse. Ku Mchinji adzaonanso ingoma ya Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, amene makolo awo ndi anthu a Mpezeni, mfumu ya Angoni ya ku Chipata, ndipo adakhala pakati pa Achewa a Mkanda mpaka kutenga chiyankhulo chawo. Akakula pang'ono mudzapite naye ku Kulamba, kumene Achewa a maiko atatu amakasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Msewu wake umadutsa ku Mchinji komweko, kutulukira pa chipata cha Mwami.

Chimene chatsala ndi ulendo umene mwakhala mukuuzengereza. Akuluakulu adati chibale ndi fupa sichiola, koma ndaona anthu ofika kumudzi koyamba ali m'bokosi, akumudzi nkumanong'onezana kuti ameneyu sitimudziwa, adzukulu nkumakumba manda monyinyirika. Ndaonanso munda wa mayi utagawidwa kwa ena chifukwa ana ake sadaonekere zaka makumi awiri. Kumudzi amawerenga amene amabwera pamaliro, amene amasonkha pakagwa vuto, amene amatumiza ana kudzacheza patchuthi. Pitani nthawi yokolola itatha, mu Juni kapena Julayi, pamene misewu yauma ndipo m'nkhokwe muli chakudya, kuti kubwera kwanu kusakhale mtolo. Ngati dzina la mudzi simukulidziwa, funani pa chiphaso chakale cha mayi anu, pa kalata yawo ya ubatizo kapena ya ukwati, kapena funsani amayi achikulire amene adali nawo pa esiteti. Mfunda wawo wokha, kuti adali Nabanda kapena Naphiri kapena Nambewe, pamodzi ndi dzina la mlongo wawo mmodzi, zimakwana kuti anthu a pa Mkanda akulozereni njira.

Mukafika musayambire kwa amfumu ndipo musatchule za munda. Yambirani kwa atsibweni kapena kwa mayi aang'ono amene alipo, mutanyamula shuga, mchere, sopo ndi chitenje cha mayi wamkulu wa pabanjapo. Iwo ndiwo adzakutengereni kwa nyakwawa nkunena kuti uyu ndi mwana wa uje, wabwera ndi mdzukulu wathu. Pemphani kuti akuonetseni pamene padagona mayi anu kapena agogo anu, pakuti kumanda sapitako munthu yekha popanda eni mudzi. Mnyamatayo mumusiye agone kumphala ndi anzake ngakhale masiku atatu. Pobwerera mufunse amayi a kumeneko ngati angamakumangireni zikwatu ndi kukusungirani Chalimbana chaka chilichonse, muziwalipira pa mtengo wabwino. Bambo uja akadzabweranso kudzadya nkufunsa mudzi ndi mfumu, mudzamuuze dzina la mudzi wa kwa Mkanda, mudzamuuzenso kuti mchombo wanu uli kwa Santhe, kenaka mumupakulire mfutso wotendera.